Mawu a Wadson mu Laputopu

Mutu 6

1. Funso la pamphasa

"Amayi, kodi mawu akatuluka m'kamwa amapita kuti?"

Ramla anafunsa funso limeneli ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, atakhala pamphasa ya aneba awo, mayi Ethel, akuthandiza kusenda nandolo. Mayi Ethel anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Anati akafunse a shehe awo, iwo zakuya zotere sazidziwa.

Amene anayankha anali Wadson, mwana mmodzi yekhayo wa mayi Ethel, amene ankakonza tcheni cha njinga pakhonde.

"Akowo amapita kwa aneba onse a pa Nsanama, chifukwa sutseka pakamwa."

Papita zaka khumi ndi chimodzi. Ramla ali Fomu 3. Wadson anapita ku Joni, anapenta nyumba za anthu zaka zinayi, ndipo chaka chatha anabwera m'bokosi. Pamodzi ndi bokosilo panabwera chikwama cha zovala ndi laputopu yakuda yothyoka pakona.

Ali moyo, Wadson ankatumiza uthenga wa mawu pa foni ya amayi ake pafupifupi Lamlungu lililonse. Patapita miyezi ingapo chichitikire maliro, foniyo inagwera m'ndowa ya madzi. A Swaibu, amene amakonza mafoni ku Liwonde, anavutika tsiku lathunthu mpaka anatulutsa mauthenga 138 pa kakhadi ka m'foniyo, n'kuwaika mu laputopu muja. Kakhadiko sikanawerengekenso chichokere tsikulo.

Mayi Ethel sadziwa kuyatsa laputopu. Anaipereka kwa Ramla kuti aziphunzirirapo, pa mgwirizano umodzi: Lamlungu lililonse mayiwo akaweruka ku tchalitchi, Ramla aziwayimbira mawu a mwana wawo.

Vuto linali mayina. Mauthengawo anatuluka pa kakhadi ali ndi mayina a manambala okhaokha, osokonekera. Mayi Ethel akati, "Ndiikire uja akunena za mbuzi," Ramla ankatsegula umodziumodzi mpaka dzuwa kupendeka.

Tsono Loweruka la sabata yamawa kunali kuvundukula chiliza cha Wadson. Abale ochokera ku Phalula anali atauzidwa kale. Mayi Ethel ankafuna kuti pamwambopo amveke uthenga wa pa Khirisimasi, umene Wadson anapereka moni kwa wachibale aliyense pomutchula dzina. Masabata awiri anadutsa Ramla akuufuna, osaupeza.

2. Zenera lakuda

Loweruka m'mawa Ramla anakulunga laputopu m'chitenje, n'kukwera minibasi ya ku Liwonde. Kuseri kwa shopu yawo, a Swaibu amaphunzitsa ana a sekondale kulemba mapulogalamu m'chilankhulo chotchedwa JavaScript. Tsikulo, poti inali tchuthi, wophunzira amene anabwera anali Ramla yekha.

"Asalamu alaikumu, a Swaibu."

"Walaikumu salamu. Injiniya wa pa Nsanama wafika. Anzako aja athawa chiyani?"

"Akukolola nandolo."

"Iwe nandolo yakukana?"

Ramla anafotokoza maganizo ake. Ankafuna kulemba kapulogalamu koti kaone tsiku la uthenga uliwonse, n'kuupatsa dzina la tsikulo. Akatero, wa pa Khirisimasi ungoonekera wokha. Koma atayesa kunyumba zinakanika. Mapulogalamu ake onse ankayenda mu bulawuza, mmene timaonera masamba a pa intaneti, ndipo bulawuzayo inakana kusintha dzina la fayilo ngakhale imodzi.

"Yakana chifukwa ndi yanzeru," anatero a Swaibu. "Koma ilipo njira. Bweretsa kuno."

Analumikiza laputopu ndi kompyuta ya m'shopu, n'kukoperamo pulogalamu yotchedwa Node. Anamusiya Ramla kuti aiike yekha. Inatenga nthawi, laputopuyo ikulira ngati chigayo chakutali. Itatha, a Swaibu anamuonetsa kutsegula zenera lakuda lopanda zithunzi, momwe muli kamzere kothwanima basi.

"Lemba kuti node, siya mpata, kamzere, kenako v."

Ramla analemba. Pansi pake panatuluka nambala.

"Ndiye kuti yalowa. Ikukuuza msinkhu wake. Tsopano lemba kapulogalamu ka mzere umodzi, ukasunge, ukaitane pomwepo."

Ramla analemba kapulogalamu kopereka moni, n'kukatcha moni.js. Pa zenera lakuda analemba kuti node moni.js, n'kudina batani lalikulu. Mawu oyera anatuluka: Moni Ramla.

Panalibe bulawuza, panalibe intaneti. Ramla anawomba m'manja yekha.

3. Chenjezo la a Swaibu

A Swaibu sanaseke naye. Anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana naye.

"Chotsa kaye manja pa mabataniwo, mwanangu, undimvere. Zonse zimene wakhala ukulemba chaka chino zimathamanga m'kati mwa bulawuza. Bulawuza ndi khola. Kapulogalamu kako kakhoza kudumphadumpha mmenemo, kusintha mitundu, kuchita masamu, koma sikangatuluke kukagwira mafayilo ako. Ukalakwitsa umangotseka tsambalo n'kuyambiranso. N'chifukwa chake tinakuyambitsirani mmenemo.

"Lero tagwetsa kholalo. Node imatenga chilankhulo chomwe chija n'kuchipatsa makiyi a nyumba yonse. Ukaiuza kuti fufuta, ifufuta. Sikufunsa kuti kodi mwatsimikiza. Siponya chinthu mu bini kuti ukachitole mawa. Ndipo siidziwa kuti fayilo iyi ndi homuweki ya Ramla, iyi ndi mawu a munthu amene anagona. Kwa iyo zonse ndi mafayilo basi.

"Ine ndinawauza mayi aja tsiku lomwe lija kuti mauthengawa asamakhale malo amodzi. Anali ndi chisoni, sanandimve. Kuno kulibe ena. Zinthu za makasitomala sindisunga, ndimafufuta akangochoka. Ndiye mawu a mnyamata uja ali mmenemo mokha, dziko lonse lapansi.

"Lamulo ndi ili. Usanayendetse kapulogalamu pa chinthu chimene sungachipezenso, uchikopere kaye pa fulashi, uizule, uiike m'thumba. Lero fulashi ndilibe, zonse zili ndi eni ake. Lachiwiri ndikubwera ku Nsanama, ndikutengera imodzi. Kapulogalamuko ulembe, uyeserere pa mafayilo ako. Koma foda ya Wadson usaikhudze mpaka Lachiwiri. Wamva?"

"Ndamva."

"Wamva chiyani?"

"Mpaka Lachiwiri."

"Chabwino. Upite, minibasi zisanayambe kudzaza anthu a kumsika."

4. Masana a Loweruka

Ramla anafika kunyumba swala ya masana itangotha. Amayi ake, a Zaina, anali kuseri akupeta mpunga. Iye anakhala pakhonde n'kuyamba kulemba.

Kapulogalamuko sikanali kataliko. Kankatsegula foda, kutenga fayilo iliyonse, kufunsa kompyuta tsiku la fayiloyo, n'kuipatsa dzina latsopano la tsikulo.

Tisanene kuti Ramla sanamvere konse. Anayeserera monga anauzidwira. Anatenga mafayilo atatu a homuweki yake, ya Biology, ya Chichewa ndi ya masamu, n'kuyendetsapo kapulogalamuko. Onse atatu anasintha mayina bwinobwino, iliyonse ndi tsiku lake. Anabwereza kachiwiri. Zinayendanso.

Kenako anayang'ana kutsidya la mpanda. Mayi Ethel anali kuyanika nsalu yoyera imene anagula kuti idzaphimbe chiliza. Mawa linali Lamlungu. Mayiwo adzabwera masana monga mwa nthawi zonse, n'kufunsanso za uthenga wa pa Khirisimasi, n'kunenanso kuti, "Palibe kanthu, mwanawe, tidzaupeza." Ramla anafuna kuti mawa ayankhe kuti, "Nawu."

Anasintha mzere umodzi, n'kulozetsa kapulogalamuko ku foda ya Wadson. Anadina batani.

Pa zenera lakuda mizere inatsika mofulumira: ndasintha, ndasintha, ndasintha. Sipanathe ndi masekondi awiri omwe. Panalibe chodandaula chilichonse.

Anatsegula fodayo.

Munali fayilo imodzi.

Anatseka, n'kutsegulanso. Imodzi. Anayang'ana mu bini. Munalibe kanthu. Anazimitsa laputopu n'kuyatsanso. Imodzi yomweyo, dzina lake 14 Marichi.

Anaitsegula. Mawu a Wadson anamveka, kumbuyo kwake kukumveka magalimoto.

"Amayi, kuno netiweki ikuvuta. Ndiimbanso madzulo."

Basi. Masekondi anayi.

Chimene chinachitika ndi ichi. Mafayilo a homuweki aja analembedwa masiku osiyana, ndiye analandira mayina osiyana. Koma mauthenga a Wadson onse analowa mu laputopu tsiku limodzi, lija a Swaibu anawapulumutsa pa kakhadi. Kompyuta inkadziwa tsiku limenelo lokha. Woyamba unalandira dzina lakuti 14 Marichi. Wachiwiri unalandira dzina lomwelo, n'kutenga malo a woyamba. Wachitatu unachotsa wachiwiri. Zinapita choncho mpaka wotsiriza.

Ramla anathamangira m'nyumba kukatenga foni ya amayi ake. Sanaimbire munthu. Analumikiza laputopu ku intaneti kudzera pa foniyo n'kuyamba kukopa mapulogalamu olonjeza kubweza mafayilo otayika. Anaika yoyamba, sinathandize. Anaika yachiwiri ndi yachitatu, bandulo mpaka kutha. Apo m'pamene anaimbira a Swaibu.

A Swaibu anamvetsera mpaka kumapeto osamudula. Kenako anapuma kwambiri.

"Astaghafirulla. Laputopuyo ili yoyaka?"

"Eya."

"Izimitse pompano. Wazimitsa? Usaiyatsenso, ngakhale atakupempha ndani. Fayilo ikachotsedwa choncho, dzina ndi limene limapita msanga. Mawuwo amatsala kaye pansi, mpaka chinthu china chitalembedwa pamwamba pake. Waikamo china chilichonse chichitikire zimenezi?"

Ramla anayang'ana laputopu yozimayo.

"Ramla."

"Mapulogalamu atatu."



"Ndiye ena apita," anatero a Swaibu. "Angati, sindikudziwa. Ku Balaka kuli mayi Chrissie, amene anandiphunzitsa ine ntchitoyi. Ali ndi zipangizo zotulutsira disiki n'kuiwerenga pambali. Mwina apeza theka. Mwina khumi. Mwina osapeza kanthu. Ndiwaimbira kuti akuyembekezere Lolemba. Eni ake wawauza?"

"Iyayi."

"Chimenecho sindingakuchitire."

5. Lamlungu

Mayi Ethel anabwera masana atavala za ku tchalitchi, atanyamula mpando wawo waung'ono ndi mbale ya chinangwa chophika.

"Odi kuno! Injiniya alipo? Lero tiupeza, ndalota bwino."

Ramla anawalandira chinangwacho ndi manja awiri. Laputopu inali pa tebulo m'nyumba, yokulungidwa m'chitenje.

"Amayi, lero sititha kumvera. Laputopu yavuta."

"Yavuta bwanji?"

"Siikufunika kuyatsidwa. A Swaibu atero."

Nkhope ya mayi Ethel inagwa, koma anadzilimbitsa msanga.

"Ndi magetsi athuwa eti? Akuthimathima ngati ziphaniphani. Wailesi yanga inapsa choncho. Chinthucho n'chakalenso, chinavutika ndi mwini wake ku Joni konko. Usadandaule, mwanawe, si iwe. Bola pofika Loweruka ikhale itachira."

Ramla anayang'ana pansi. Mutu wake unagwedera pang'ono, ngati kuvomera.

Mayi Ethel anacheza pang'ono ndi a Zaina za mtengo wa nandolo, kenako ananyamula mpando wawo n'kubwerera kwawo.

A Zaina anadikira mpaka chitseko cha kutsidya chitatsekeka. Dzulo lake anali kuseri kwa nyumba pamene Ramla ankalankhula pa foni, ndipo anamva zonse.

"Khala apa," anatero.

Ramla anakhala.

"Za makompyutazo ine sindizidziwa, ndipo sindikufunsa. Chimene unawononga dzulo unawononga ukufuna kuthandiza. Mulungu anaona, inenso ndinaona. Koma chimene wachita lerochi n'china. Mayi aja akupatsa bodza m'manja, iwe walandira ngati chinangwa chija.

"Ukudziwa kuti tsiku limene ndinkakubereka bambo ako anali ku Nayuchi? Amene anandikweza pa njinga ndi mayi amenewa, akukankha okha mpaka kuchipatala. Pa Ramadani samaphika nyama yawo ija pabwalo, kuopa kutinunkhitsa. Mwana wawo atabwera m'bokosi ndinagona m'nyumba mwawo masiku asanu ndi awiri. Ife ndi iwo sitipemphera pamodzi, koma sitinanamizanepo. Zaka makumi awiri.

"Tsono iwe ukufuna Loweruka akaime pamanda, abale onse a ku Phalula atakhala pansi, akudikira mawu amene iwe ukudziwa kuti kulibe? Adzatukwana magetsi, adzatukwana a Swaibu, mwina adzadzitukwana okha kuti sanasamale za mwana wawo. Ndipo iwe uzidzadutsa pakhomo pawo tsiku lililonse popita kusukulu, kuwapatsa moni. Udzatha zaka zingati?

"Sindikukoka dzanja. Ndiwe wamkulu, unavinidwa. Ukapita, upite wekha. Ukapanda kupita, ine sindikanena, koma udziwe kuti ndikudziwa."

A Zaina anatenga lichero lawo n'kulowa m'nyumba.

Ramla anakhala pakhondepo mpaka mthunzi wa mtengo wa mango unafika pa mpanda. Kenako anakonza mpango wake kumutu, n'kunyamula laputopu.

6. Kutsidya la mpanda

Anawapeza mayi Ethel akusita nsalu yoyera ija ndi simbi ya makala. Ramla anagwada pakhomo, n'kuika laputopu patsogolo pake.

"Amayi, si magetsi."

Mayi Ethel anaimika simbi.

"Ndine. A Swaibu anandiuza kuti ndidikire Lachiwiri, ine sindinadikire. Ndimafuna ndikupezereni wa pa Khirisimasi uja. Ndinalemba chinthu choti chisinthe mayina, ndiye chafufuta mauthenga. Kenako ndinayesa kukonza ndekha, ndawonjezera kuwononga."

"Chafufuta angati?"

"Watsala umodzi."

"Umodzi wafufutika?"

"Iyayi, amayi. Umodzi ndi umene watsala."

Mayi Ethel anakhala pansi pomwepo, pa simenti. Sanakuwe. Anayang'ana chitenje chokulunga laputopu nthawi yaitali, manja ali pamiyendo. M'simbi makala ankathetheka.

"Wa mbuzi uja?"

"Wapita."

"Uja akuseka za nsapato zimene anandigulira zazikulu?"

Ramla anavomera ndi mutu. Misozi inali kugwera pa chitenje.

"Watsalawo ndi uti?"

"Akuti, amayi, kuno netiweki ikuvuta, ndiimbanso madzulo."

Mayi Ethel anatseka maso.

"Umenewo ndi wa nthawi ya mvula. Anaimbadi madzulo ake. Tinacheza mpaka foni kutentha." Anapukuta kumaso ndi dzanja. "Ndiyatsire ndiumve."

"Sindingathe, amayi."

"Ukundikaniza mawu a mwana wanga?"

"Tikayatsa, ena amene mwina akadali pansi apitiratu. A Swaibu akuti ku Balaka kuli mayi wina amene angayese kuwatulutsa. Akuti mwina theka, mwina khumi. Mwina palibe. Akutidikira mawa."

Mayi Ethel anaimirira pang'onopang'ono, atagwira chitseko. Anachotsa simbi pafupi ndi nsalu, n'kuiika pabwalo. Atabwerera anaima pamwamba pa Ramla.

"Masana aja unandisiya ndikutukwana magetsi."

"Eya."

"Chifukwa chiyani wabwera tsopano? Amako akutuma?"

"Andiuza maganizo awo. Koma sananditume."

"Ndisakunamize, Ramla. Mtima wanga sunakukhululukire. Mwina mawa, mwina chaka chamawa, sindikudziwa. Ndikakuyang'ana panopa ndikuona mwana amene ndinamusambitsa, ndikuonanso munthu amene wandiikira Wadson m'manda kachiwiri. Zonse ziwiri."

Ramla anawerama mpaka chipumi kutsala pang'ono kugunda simenti.

"Dzuka, usandigwadire ngati ndine bwana. Ku Balakako sindikutuma wekha. Chinthuchi chigona muno lero, ndipo mawa ndichinyamula ndine, pamiyendo panga, kuyambira pano mpaka kumeneko. Koma zimene azikalankhula mayiyo ine sindikazimva. N'zachizungu cha makompyuta. Wondimasulira ndiwe."

"Ndikamasulira, amayi."

"Osati monga masana aja. Akakati palibe, ukandiuze kuti palibe. Akakati alipo asanu, usakati khumi pofuna kunditonthoza. Usakandichepetsere, usakandiwonjezere. Ukulonjeza?"

"Ndikulonjeza. Wallahi."

"Inenso ndikulonjeza changa. Loweruka abale akafunsa kuti mawu aja ali kuti, ndidzayankha ndine. Dzina lako silidzatuluka m'kamwa mwanga. Zimenezi n'za nyumba ziwirizi."

Mayi Ethel anawerama, n'kunyamula laputopu ndi manja awiri, n'kuifungatira pachifuwa.

"Minibasi yoyamba imanyamuka sikisi. Usandidikiritse."